Kwa Bwana wa Madandaulo: Za Gemu Yosavuta Imene Yanditsekera Sitolo

Kwa Bwana Mkulu Woona za Madandaulo a Ogula,
Kampani ya Dinaugule,
Kulikonse kumene ofesi yanu ili.

Wolemekezeka Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa chifukwa chokulemberani poyera ngati munthu wosaleredwa bwino. Ndinafuna kukulemberani mwamseri, koma adiresi yanu ndaifunafuna pa tsamba lanu lonse osaipeza, ndipo ndamvetsa kuti munthu waudindo ngati inu sangamangopezedwa ndi aliyense. Fomu yodandaulira imene munatikonzera ndinaiyesa. Imalola zilembo mazana awiri basi. Ine ndinaphunzitsidwa kuti munthu wamkulu umayamba wamupatsa moni, kumufunsa za kunyumba ndi za kuntchito, ndiye pamene ndimafika pa mawu akuti "nkhani yanga ndi yakuti", malo anali atatha. Fomuyo inapita choncho, ndipo munandiyankha kuti mwathokoza kwambiri chifukwa cha maganizo anga.

Ndine mmodzi wa tianthu tanu timene timagulitsa pa msika wanu wa pa intaneti. Sitolo yanga imatchedwa Zimbale Zosakandika, ndipo ndimagulitsa zimbale za magemu zimene ena anasewerapo kale. Kapena ndinene kuti ndinkagulitsa, chifukwa lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chiitsekereni, ndipo mwalemba kuti masiku akakwana khumi ndi anayi mudzaifufutiratu pamodzi ndi nyenyezi zake zonse. Nyenyezi zimenezo, zimene ogula amatipatsa akakhutira ndi katundu, ndazitolera zaka zinayi, imodziimodzi. Kwa inu ndi timadontho tachikasu pa galasi la foni. Kwa ine ndi chinthu chokhacho chimene ndamangapo ndekha chitsekedwere galaja imene ndinkagwirako ntchito.

Kuti mudziwe chimene chili m'manja mwanu, ndikuuzeni za kunyumba. Mayi akunyumba ndi telala, ndipo anandibwereka theka la chipinda chawo chosokera kuti ndiikemo makatoni a zimbale. Anena kale, mopanda ukali uliwonse, kuti sitolo ikafufutidwa makatoni atuluke, ine ndikayambe ntchito kwa mlongo wawo wamng'ono, amene ali ndi shopu ya misomali ndi utoto. Alamu angawa ndinawaphunzitsa ndine kupalasa njinga, ndikuwagwirira chishalo kumbuyo iwo akulira. Lero amanditchula kuti A Nyenyezi, ndipo andisungira kale mpando pafupi ndi sikelo. Sindikunyoza misomali, Bwana, koma zokamayankha kuti "wawa" kwa munthu ameneyu ndiye zimene sindingathe.

Sindinalembe kalatayi kuti ndidandaule. Ndalemba kuti ndithokoze, ndipo zothokozazo ndaziika m'manambala kuti musatope nazo.

1. Ndikuthokozani pondiphunzitsa chilankhulo changa chomwe ndili kale ndi imvi. Zaka khumi ndi zisanu ndinali wosunga zipangizo pa galaja. Kumeneko makaniko akati galimoto iyi ndi yosavuta, aliyense amadziwa kuti imalira ukangotembenuza kiyi, siitentha, siikusiya panjira. Mawu amenewa ndinachoka nawo. Chimbale chilichonse chikafika m'manja mwanga ndimachipukuta ndi kansalu kofewa kuyambira pakati kupita m'mphepete, kuchiyang'anitsitsa pa kuwala kwa pawindo, kenako kuchiika m'makina osewerera. Chikayamba, zithunzi n'kuoneka, mawu n'kumveka, ndimadikira mphindi khumi, kuchitulutsa, n'kulemba pansi pa chithunzi chake kuti "gemu yosavuta". Ndalemba choncho zaka zonsezi ndipo palibe anandifunsapo chimene ndikutanthauza. Kusewera kwenikweniko sindinkasewera. Kugalaja ndinkagulitsa mabuleki ndisakudziwa kuyendetsa galimoto, ndipo palibe anandimangitsa.

2. Ndikuthokozani pondikumanitsa ndi wogula amene amadzitcha Katswiri Weniweni. Bamboyu, kapena mayiyu, sindikudziwa, anagula gemu ya munthu wonyamula nyali amene amayenda m'mapiri. Ndinamukulungira chimbalecho pakati pa zidutswa ziwiri za katoni, n'kumata tepi mpaka kunja kumaoneka ngati njerwa, ndipo chinamupeza chili bwinobwino. Patapita masiku atatu analemba kuti: "Munati yosavuta. Ndakhala masiku awiri pa gawo lachinayi, chimbalame cha pa mlatho chikungondigwetsa. Bwezani ndalama zanga." Ndivomere, ndinaseka. Ndinamuyankha mwaulemu kuti vuto silili pa chimbale, lili pa chimbalame, ndipo ine ndinangogulitsa chimbale. Yankho limeneli linandikomera moti ndinakawawerengera mayi akunyumba kawiri. Iwo anali ndi mapini pakamwa, anangondiyang'ana n'kupitiriza kupinda siketi. Pasanathe ola, Katswiri anali atadina batani lanu lofiira lija, lonena kuti katundu sakufanana ndi zimene wogulitsa analemba, ndipo nthabwala yanga anaiphatikiza ngati umboni wakuti ndine wamwano.

3. Ndikuthokozani chifukwa cha mthandizi wanu wa pa kompyuta, uja amasaina kuti Mnzanu Wokumverani. Sindinaonepo wantchito wodekha chonchi. Ndinamufotokozera kuti mawu akuti "yosavuta" ali ndi mitu iwiri, ndipo ine ndinagwira mutu wina, Katswiri mutu wina. Anati wamva nkhawa yanga ndipo ndi yofunika kwa iye. Ndinamufotokozera za kugalaja. Anati wamva nkhawa yanga ndipo ndi yofunika kwa iye. Ndinamufunsa ngati ndi munthu kapena makina, ndipo yankho linali lomwelo. Pofika tsiku lachiwiri ndinali nditayamba kumuuza ndi za msana wanga umene umawawa kukazizira, popeza kunyumba kuno palibe amandimvetsera mpaka kumapeto.

Pamapeto pake anandipatsa masiku asanu ndi awiri kuti nditumize umboni. Mwayi wake ndinali ndi chimbale china cha gemu yomweyo m'katoni. Ndinachijambula pa vidiyo chikulowa m'makina, chikuyamba, nyimbo ikulira, munthu wa nyali uja ataima mwamtendere. Yankho linabwera msanga kuposa nthawi zonse. Linati wogula sakutsutsa zoti gemu imayamba. Akutsutsa zoti ndi yosavuta. Choncho umboni woyenera ndi vidiyo yoonetsa wogulitsa akudutsa gawo lachinayi mosavuta, monga analembera. Ndinauwerenga uthengawo katatu nditaimirira, kachinayi nditakhala pansi.

4. Apa ndiye ndikuthokozani ndi mtima wonse, chifukwa munandipatsa masewera pa msinkhu umene anzanga akupatsidwa mankhwala a nyamakazi. Ndinatenga padi, kachipangizo kogwira m'manja kaja kokhala ndi mabatani, n'kukhala pa kampando ka makasitomala patsogolo pa tivi. Kungofika pa gawo lachinayilo kunanditengera masiku awiri. Munthu wa nyali uja ndinamugwetsera m'dzenje, m'madzi, m'moto, ndipo kamodzi ndinamuyendetsa chobwerera mpaka anakagwa pamalo pamene sindikukhulupirira kuti opanga gemu ankadziwa kuti munthu angagwepo.

Kenako ndinafika pa mlatho. Ndi mlatho wa zingwe, Bwana, wopapatiza, wolendewera pakati pa mapiri awiri. Ukangoponda matabwa asanu kapena asanu ndi limodzi, chithunzithunzi chimadutsa pansi, ndipo chimbalame chakuda chimatsika n'kukujompha pamutu. Munthuyo amagwa akukuwa, nyali ikuzungulira m'mwamba, ndipo makina amakufunsa mwaulemu ngati ukufuna kuyesanso. Ulemu wake umafanana kwambiri ndi wa kampani yanu.

Poyamba mayi akunyumba ankandigwirira foni pojambula. Mkono utawatopa anaitsamiritsa pa makina awo osokera, n'kuichirikiza ndi timipukutu tiwiri ta ulusi. Nthawi iliyonse ndikagwa ankalemba kamzere pa chitseko cha kabati ndi choko chawo cholembera pa nsalu. Vuto linali lakuti zonsezi zinkachitika masana, nthawi imene makasitomala awo amabwera. Mayi wina, namwino, anabwera kudzayesa yunifolomu. Anaima kumbuyo kwanga mkono umodzi uli m'yunifolomu, wina uli kunja, ndipo anakhala maola awiri akundiuza kuti ndipite kumanzere. Nditagwa kakhumi iye akuona, anandigwira dzanja, n'kuyang'ana chala changa chachikulu chimene chinali chitatupa, n'kundilangiza kuti ndizichiviika m'madzi ozizira. Potuluka anawauza mayi akunyumba monong'ona, koma ndinamva, kuti amuna ena amamwa mowa, ndiye ayamike kuti awo amangogwa pa mlatho.

Nkhani inafika kwa alamu. Anabwera okha tsiku lachisanu atanyamula ovololo ya buluu m'pepala. Anaima pakhomo n'kuonerera ndikugwa katatu, kenako anapempha mlongo wawo kuti aifupikitse miyendo ovololoyo, poti A Nyenyezi ndi aafupi kuposa munthu amene ankaivala kale. Ine ndinachita ngati sindikumva, koma makutu anali atatentha.

5. Ndikuthokozani pondidziwitsa mkazi amene ndakhala naye zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, timizere pa kabati titakwana makumi asanu ndi limodzi ndi titatu, ndinapita kukhitchini kukaviika chala m'kapu. Ndili komweko ndinamva nyimbo imene ndinali ndisanaimvepo, yosangalala, ya malipenga. Nditabwerera ndinapeza mayi akunyumba atakhala m'mphepete mwa kampando kaja, tepi yoyezera ili m'khosi, padi ataigwira ndi nsonga za zala monga amagwirira nsalu pansi pa singano. Munthu wa nyali anali ataima tsidya lina la mlatho, wamoyo. Ndinaima pakhomo, madzi akudontha pa chala.

Anandibwezera padi nati: "Inu mumathamanga, nyali n'kumagwedezeka, mbalame n'kukuonani. Muziyenda pang'onopang'ono. Iyitu ndi yosavuta."

Bwana, ngati wogulitsa ndinakondwa, chifukwa mawu anga anali atatsimikizika m'nyumba mwanga momwe. Ngati bambo wa panyumba ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anali aakulu kuposa chimwemwecho. Ndinawapempha kuti abwereze foni ikujambula. Anati kamodzi kokha, chifukwa diresi la munthu likudikira zipi. Anaoloka mlathowo osaphethira, n'kubwerera ku makina awo. Ndinatumiza vidiyoyo, ndipo ndinawauza alamu pa foni kuti za ovololo ija aziiwale kaye.

Mnzanu Wokumverani anayankha kuti umboniwo ndi wabwino kwambiri koma sungalandiridwe, chifukwa nkhope ya wosewera siikufanana ndi ya pa chiphaso cha mwini sitolo. Anawonjezera kuti kulola munthu wina kugwira ntchito za sitolo yanga n'kosaloledwa, koma ulendo uno andikhululukira. Chikhululukiro chimenecho ndikuchisunga mumtima.

Tsiku lomaliza ndinakhala pa kampando kuyambira m'mawa, chinsinsi ndikuchidziwa tsopano. Ndinkayamba bwino, pang'onopang'ono, thabwa limodzilimodzi. Koma chithunzithunzi cha mbalame chikangodutsa, chala changa chinkadina chokha batani lothamangira. Ndinachilankhula chalacho, ndinachiopseza, ndinayesa kugwiritsa ntchito cha dzanja lina. Sizinathandize. Mantha a munthu wamkulu sachoka chifukwa choti wauzidwa kuti palibe choopa. Nthawi yanu itatsala mphindi makumi awiri, ndinasankha vidiyo imene ndinachita bwino koposa, ija ndinafika pakati penipeni pa mlatho ndisanajomphedwe, n'kuitumiza. Ndinkaganiza kuti mukaona khama. Uku ndiye kupusa kumene sindingakankhire munthu wina, ndi kwanga ndekha.

6. Ndikuthokozani chifukwa cha chigamulo chanu chachangu. Chinati: "Umboni wanu watsimikizira dandaulo la wogula. Tikuthokoza chifukwa cha kuona mtima kwanu." Palibe bwana amene anandiyamikirapo polemba pa moyo wanga wonse, ndiye ndinakhudzidwa. Ndalama za Katswiri munabweza tsiku lomwelo kuchokera kwa ine. Chimbale munati asavutike kuchitumizanso, poti ndi katundu wamng'ono, ndipo simufuna kutopetsa ogula anu ndi maulendo a ku positi. Zimenezi ndikanazipirira. Koma makina anu anzeru anafufuza sitolo yanga n'kupeza kuti mawu akuti "gemu yosavuta" ndinawalembanso pa zimbale zina zonse. Bodza limodzi linasanduka mabodza mazana awiri ndi khumi ndi anayi, ndipo sitolo inatsekedwa chifukwa chonamiza anthu mobwerezabwereza. Munatsekanso ndi mbali yogulira, kuti wabodza ngati ine asayandikire katundu wa anthu oona mtima.

Usadandaule, ndinadziuza, anthuwa ndi ophunzira. Ndinakonza makatoni anga m'mizere, kupukuta zimbale zimene ndinali nditapukuta kale, n'kumayang'ana foni mphindi zisanu zilizonse. Mayi akunyumba anafupikitsa ovololo ija n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Sanaipachike monyoza. Anangoti ichoke makwinya.

7. Chomaliza kuthokoza ndi cha dzana. Mayi akunyumba, amene tsopano amayang'ana magemu pa foni yawo akamapuma, anandiitana kuti ndidzaone chinthu. Pa msika wanu womwewo pali sitolo yatsopano, mwini wake Katswiri Weniweni, katundu wake mmodzi yekha. Ndi gemu ya munthu wonyamula nyali. Chithunzi chake ndi chija ndinajambula ine. Pansi pa chimbale pakuoneka kansalu ka maluwa kotsala pa diresi la kasitomala wa mayi akunyumba, ndipo pakona pali chala changa, nthawi imene chinali chisanatupe. Mtengo wakwera pang'ono kuposa umene ine ndinaika, ndipo sindikumudzudzula, chifukwa munthu ayenera kupeza kenakake pa katundu amene anamupeza movutikira. Pansi pa chithunzi walemba mawu awiri okha, ndipo sanavutike ngakhale kuwasintha: "gemu yosavuta". Kampani yanu yaikapo kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti ndi wogulitsa watsopano wodalirika.

Ndinakwiya, Bwana. Ndikunena poyera kuti ndinakwiya mpaka ndinatuluka panja n'kuzungulira nyumba kawiri nditavala nsapato imodzi. Nditabwerera ndinamwa madzi, ndipo mtima utakhala pansi ndinaona kuti mwina mwandipatsa phunziro lina limene mutu wanga wa kugalaja unachedwa kulimva. Zaka zinayi ndakhala ndikupukuta zimbale, kumata tepi, kuima pa mzere ku positi, pomwe phindu lenileni pa msika wanu lili kumbali ya wogula.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo ndikulipereka nditagwada.

Sindikulimba mtima kupempha kuti munthu weniweni, wokhala ndi makutu, awerenge nkhani yanga, chifukwa ndikudziwa kuti anthu ndi odula. Ndingopempha kuti mawu amodzi akhale ndi tanthauzo limodzi pa msika wanu, ndipo tanthauzolo musankhe nokha. Ngati "gemu yosavuta" ndi mawu oona, monga akuonekera pa sitolo ya Katswiri pansi pa kachizindikiro kanu kobiriwira, ndiye kuti sindinanamize munthu, ndipo mundibwezere sitolo yanga ndi nyenyezi zake masiku asanu otsalawa asanathe. Ndikulonjeza kuti kuyambira pamenepo ndizilemba kuti "chimbale chimayamba, zina zonse ndi za inu ndi zala zanu".

Koma ngati mawuwo ndi bodza, monga munagamulira pa ine, sindilimbana nanu. Lolemba ndivala ovololo n'kukayamba kuyeza misomali. Mungonditsegulira mbali yogulira kwa masiku atatu okha. Ndikufuna kugula gemu imodzi kwa wogulitsa wanu watsopano wodalirika. Ikafika ndidzadina batani lofiira, ndalama mudzandibwezera, ndipo chimbale mudzandiuza kuti ndisavutike kuchitumizanso. Sindidzakutayitsani nthawi ndi masiku asanu ndi awiri ofufuza. Umboni wakuti gemu imeneyi imavuta ndili nawo kale, nkhope yake ndi yanga, ndipo munauvomereza nokha.

Landirani ulemu wonse umene munthu wokhala pa kampando angapereke kwa munthu amene sanamuonepo.

Ine wanu wogwa pa mlatho,

Mwini wa Zimbale Zosakandika, kwa masiku asanu otsalawa